Mlembi Wanu Akudikirabe Ndewu

Mlembi wa danga lino anakulira m'timisasa ta vidiyo ta pamsika, momwe filimu yabwino inali ya Rambo kapena Jet Li, ndipo stelingi akachedwa kuthyola munthu mwendo, anthu ankayamba kuitanitsa ndalama zawo. Lero mwana wake wamkazi, yemwe wanunkhako ku koleji, walamula kuti pakhomo pazionetsedwa mafilimu anzeru. Mkuluyu anavomera chifukwa bandulo wogula ndi mwanayo.

Anayamba ndi My Octopus Teacher, ya ku South Africa, yomwe inapata Oscar mu 2021. Craig Foster anatha pafupifupi chaka akumira m'nyanja yozizira kufupi ndi Cape Town kukacheza ndi kanyama ka miyendo 8. Mlembi wanu anafunsa kuti akaphika nthawi yanji. Shaki itakadula mwendo umodzi, anadzuka pampando n'kuomba m'manja poganiza kuti ndewu yayambika. Mwendowo unangomeranso mwakachetechete, iye n'kukhala pansi.

Honeyland, ya mu 2019, inamupatsa ntchito ina: kuwerenga mawu olembedwa m'munsi, poti anthu ake amayankhula Chiteki. Hatidze, mayi wa m'mapiri a North Macedonia, akamafula uchi amatenga theka n'kusiyira njuchi theka. Kenako panafika banja la ng'ombe zambiri ndi ana ambiri, n'kukolola zonse.

"Imitsa kaye, sindinamalize kuwerenga!"

"Ababa, pamenepa sakuyankhula aliyense. Ndi njuchi izi."

Parasite ya Bong Joon-ho, filimu yoyamba yosakhala ya Chingerezi kupata Oscar ya filimu yopambana zonse mu 2020, ndiyo anaimvetsa mopyola muyeso. Mnyamata wosauka wa ku Seoul apeza ganyu yophunzitsa mwana wa anthu olemera, kenako alowetsa mlongo wake, bambo ake akhala dalaivala, mayi ake wantchito wa m'nyumba, onse akunamizira kuti sadziwana. Mlembi wanu sanaonepo mlandu. Anangodandaula kuti malume ndi azakhali aiwalidwa.

Ndiye panabwera yakwathu, The Boy Who Harnessed the Wind, yomwe Chiwetel Ejiofor anatulutsa mu 2019. Ndi nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anasiya sukulu posowa fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina amphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo ake. Mufilimumo bamboyo amayamba wakaniza njingayo. Nyumba yonse inamunena kuti ngouma mtima, kupatula munthu mmodzi, yemwe anati mnzakeyo anali ndi mfundo.

Mwana womaliza pakhomopo akuti tsopano akufuna kukhala injiniya, ndipo wayamba kuyang'anitsitsa dayinamo. Njinga ya mlembi wanu ikugona kuchipinda, yomangidwa ndi loko ku mwendo wa bedi, ndipo mayi a kunyumba anena kuti ikafika Lamlungu idakali momwemo, wotuluka ndi mwini wake.