Gireda Ikubwera

Ku Zemba, m'boma la Chadiza, aliyense ndi injiniya, bola msonkhano ukhale wa msewu. Chikwerereni ndalama za chitukuko za CDF mu 2022, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ngakhale agogo amene mwendo wawo sunapondepo ku Chipata akudziwa mtengo wa kalavati.

Komiti ya wadi ikaitana anthu 9 koloko, amafika 11, aliyense ali ndi mapu ake m'mutu. Bambo wa chigayo amaimirira, natsokomola, nkunena kuti sakudzilankhulira yekha ayi, akulankhulira amayi apakati. Chodabwitsa, njira ya amayi apakatiwo ikudutsa pakhomo pa chigayo. A dikoni nawo akuti maliro amavutika pokawolokera kumanda, ndipo manda ali kuseri kwa tchalitchi chawo.

"Amfumu, tiweruzeni."

Amfumu amayang'ana kumwamba. Iwo akudziwa kuti gireda ikawongola msewu idya mizere isanu ya mtedza wa apongozi awo, amene analima mpaka m'ngalande.

Apa mpamene mlembi amakumbutsa kuti thumba lomwelo la CDF ndi la madesiki, mabasale a ana asukulu, ngongole za makalabu ndi chipinda cha amayi oyembekezera. Kuti dera lonse la Chadiza likudikira pa mphika womwewo. Ndipo kuti zimene tagwirizana pano ndi pempho chabe, likaonedwa ndi komiti ina ku boma. Za phula musatchule nkomwe. Msewu waukulu wa Chipata, Chadiza mpaka Katete uli m'manja mwa bungwe la misewu la RDA, ndipo unalowa m'malonjezo a pulogalamu ya misewu ya Link Zambia 8000 ya pulezidenti wa nthawiyo Michael Sata mu 2012, ana amene akulemba mayeso a sekondale lero akadali kumbuyo kwa amayi awo.

Okhawo amene salankhula ndi anyamata a pa dambo, aja amakankha Canter ya feteleza ikatitimira mu January. Iwowa amakhala kumbuyo, manja ali m'thumba, nkhope zili ngati zapamaliro. Kalavati kwa iwo ndi kuchotsedwa ntchito.

Dzuwa likapendeka, amavomerezana mfundo imodzi popanda wotsutsa: pakhale msonkhano wina. Bambo wa chigayo ndi a dikoni, amene amalozana zala m'mawa, amanyamuka limodzi kukafunsa mlembi ngati pa msonkhano winawo padzakhale zakumwa.