Mayi a pamkono akukana kusamuka

Kukwera kwa shuga tinalira, kwa mafuta a galimoto tinazolowera, koma palibe nduna yomwe yabwerapo pa wailesi kudzapepesa za mtengo wa tattoo. Chiigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anyamata ojambula pakhungu amatchula mtengo akuyang'ana kumbali. Akuti inki ndi masingano zimachokera kunja, ndipo madola ake amachita kusaka kuseri kwa msika.

Zikundikhudza chifukwa pamkono wanga wamanzere pamakhala munthu. Dzina lake tinalidinda ndi singano yosokera ndi inki ya bolopeni ndili kusekondale, pambali pake mtima wolasidwa ndi muvi. Mwini dzina anakwatiwa kalekale ndi mkulu wina wa chigayo, koma dzina linatsalira ine. Akunyumba amangoti "mayi a pamkono". Ndikapempha ndiwo zoonjezera amati, "Tengani, paja mukudyera awiri." Ndikavala malaya a manja aatali dzuwa la Okutobala likuswa mtengo amati, "Afunditseni ndithu, angazizidwe." Pa kalembera wa 2018 anaumirira kuti nawonso awerengedwe.

Ndinapita kwa mnyamata wa makina kuti tiwasamutse. "Madala, awa sachoka," anatero. "Inki imakhala kunsi kwa khungu lapamwamba, sopo safikako. Kufufuta ndi laser n'kwa anthu a ndalama, ndipo sikutheka ulendo umodzi. Ife timangophimba. Lamulo ndi limodzi: chatsopano chikhale chachikulu komanso chakuda kuposa chakale."

Nditafotokoza kunyumba, mthiko unaikidwa pansi. "Ndiye simukuwathamangitsa? Mukuwamangira nyumba, ife tili pa lendi?"

Johnny Depp atasiyana ndi Winona Ryder anangochotsa zilembo ziwiri pa dzina la pamkono wake, nkhani n'kutha. Ine ndikachotsa ziwiri, lotsalalo ndi dzina la mlamu wanga, mlandu woti ankhoswe angagonere pomwepo. Agogo athu ankatema mphini kumaso ndi pachifuwa, koma simudzamva kuti analembapo dzina la munthu. Ankawadziwa anthu.

Kunatsala kupeza chithunzi cha tanthauzo. Ndinati tambala wakuda, wondikumbutsa kulawirira. Mnyamatayo anati anthu adzati ndalowa Kongeresi. Chimanga, chizindikiro cha khama? DPP. Manja ogwirana, kusonyeza umodzi m'banja? UDF. Loko ndi kiyi, kuti mtima ndatseka? PP. Zinthu zonse zabwino m'dziko muno andale anatenga kale, ndipo iwo akafuna kusintha amangovula nsalu iyi n'kumanga ina, osamva singano.

Njovu ikanaphimba bwino, koma pamkono ngati wangawu pangakwane chitamba chokha. Mapu a Malawi ndi aatali ndi oonda, ofanana ndi mkonowo, koma dzanja la mnyamata likangonjenjemera panyanja, ndiye kuti ndalowetsa mayi a pamkono m'mkangano wa malire ndi Tanzania. Mtanda anaukana ndi akunyumba: "Mpaka manda muwagulire inu?"

Lamulo la mnyamatayo landikhala m'mutu, chifukwa ndi limene dziko lino likuyendera. Cashgate inaphulika mu 2013, tinakwiya, kenako kunabwera zina pamwamba pake. Mu 2022 tinamva kuti K750 miliyoni yogulira feteleza yapita kubutchala ku UK, za dzana tinaiwala. Pa Capital Hill sipafufutidwa kanthu. Amangodikira nkhani ina yaikulu ndi yakuda kuti iphimbe yakale, ndipo wolipira inki ndi mayi amene wauzidwa kuchipatala kuti mankhwala akagule yekha. Khungu langa ndi langa, ndikhoza kulidetsa mmene ndifunira. Thumba la boma si khungu la munthu.

Pamapeto pake tagwirizana chimodzi: chikwangwani chakuda bii, chopanda kanthu mkati. Wofunsa ndidzamuuza kuti ndi dera lathu usiku magetsi atazima, chithunzi chomwe palibe chipani chingachilande. Akunyumba avomera, ati mayi a pamkono alaweko mdima womwe enafe timaphikiramo. Ndalama ndapereka kale theka. Mnyamatayo akuti tiyamba magetsi akayaka.