Mmene mungaonere mbale youluka ku Nkhotakota anthu n'kukukhulupirirani

Anzathu a ku America akhala akuona mbale zouluka kuyambira 1947, ndipo mpaka lero tauni ya Roswell ikudyerapo ndalama za alendo. Ife kuno, thambo lili poyera kuchokera ku Chia mpaka ku Dwangwa, koma tangokhala manja lende. Tamverani tsono.

Masana musaone kanthu, chifukwa dzuwa limaulula zambiri. Dikirani usiku wopanda mwezi, asodzi a usipa atayatsa nyali pakati pa nyanja, madzi ndi thambo zitagwirana moti pothera china sipakudziwika. Nyali ikavina ndi mafunde, kuwani. Koma mlamu wanu wa chilimira musamufunse. Ameneyo amadziwa mwini bwatolo, dzina ndi ngongole zake zomwe, ndipo akuonongerani nkhani.

Mukaona chiutsi chakuda chikukwera kuchokera m'madzi, nenani kuti chombo cha alendo a kumwamba chikunyamuka. Agogo anena kuti ndi nkhungu, tizilombo tija David Livingstone anapeza anthu a m'nyanja muno akutiumba n'kudya mu 1861. Ayankheni mwaulemu kuti maso awo anakalamba.

Pojambula ndiye pagona luso. Foni ya kamera yabwino isiyeni kunyumba, mutenge ija inagwera m'madzi. Dzanja linjenjemere. Mtengo, denga kapena phiri zisalowe m'chithunzimo, popeza anthu ovuta amayezera pa zimenezo kukula ndi kutalika kwa chinthucho, kenaka n'kukuuzani kuti ndi droni, ngati aja anayamba kuulutsidwa ku Kasungu mu 2017, kapena mzere wa masetilaiti a Starlink. Ola, tsiku ndi mbali imene chinalowera musalembe. Akakufunsani, ingoti "dzana lija, chakumadzulo". A NASA anadandaula mu 2023 kuti umboni wa zinthu zoterezi ndi wosalongosoka, ndipo sanapeze chosonyeza kuti zimachokera ku maiko akumwamba. Iwo akuti vuto, ife tikuti mpata.

Ofufuza enieni amakonda mboni zosadziwana, aliyense kumufunsa payekha tsiku lomwelo. Inu sonkhanitsani onse pansi pa mtengo wa mango, mugwirizane kaye mtundu wa kuwalako. Ku Ruwa, ku Zimbabwe, ana 62 a sukulu ya Ariel anati anaona chombo ndi tianthu pa 16 Seputembala 1994. Anayamba kuwafunsa ali pagulu, ndipo wofufuza John Mack wa ku Harvard anafika patatha miyezi iwiri. Masiku awiri anawo asanaone zimenezo, chimoto chinadutsa kumwamba kummwera kwa Africa, dziko lonse la Zimbabwe n'kumangokamba za mbale zouluka. Pambuyo pake zinadziwika kuti chinali chidutswa cha roketi ya ku Russia chikupsa pobwerera. Sindikuti anawo ananama, ayi. Koma taonani, zaka zoposa 30 zadutsa mkangano ukadali wamoyo, mafilimu akutuluka.

Tsoka lalikulu ndi kutola chinthucho. Mu Januwale 1981, ku Machinga kunagwa mwala wochokera kumwamba, wolemera makilogalamu oposa 90. Akatswiri anauyeza, kuudula, kuupatsa dzina, n'kuulemba m'kaundula wa miyala yotere. Unachokeradi kunja kwa dziko lino, palibe wotsutsa. Nanga munamvapo wina akuukamba pa siwa? Choncho chanu chizimiririke msanga, makamaka chakutsidya ku Mozambique, kumene palibe angapite kukachifuna.

Kukacha mukapeza lichero kuseri kwa nyumba, anthu atazungulira kale n'kumati ndege ya ufiti yatera mafuta atatha, gwirani pakamwa. Lamulo la ufiti la 1911 limamanga woloza mnzake chala, ndipo agogo a pafupi nanu sanalakwe kanthu, lichero lawo linangouluka ndi mwera. Nenani kuti woyendetsa ndi wa ku Mars. Kumeneko kulibe achibale okakusumirani kwa amfumu.