Ulemu kwa Webusaiti Yolemera

Pa zonse zimene zimalowa m'mafoni a anthu a ku Kabanana, komboni ya mu Lusaka, palibe chonyozedwa ngati webusaiti yochedwa kutseguka, ija imangozungulitsa kagudumu pasikirini bandulo ili kutha. Akatswiri amati ndi yodwala, ndipo mankhwala ali nawo: cache, kuchepetsa zithunzi, kuchotsa makhodi osagwira ntchito. Koma mlandu suweruzidwa mbali imodzi. Webusaiti yolemera iyenera kulemekezedwa, chifukwa imadyetsa aliyense kupatula mwini foni yekha.

Tiyambe ndi khama lake. Zambia ili kutali ndi nyanja yamchere, choncho chithunzi chosungidwa pa seva ya ku London chimadutsa m'zingwe za pansi pa madzi monga SEACOM ndi EASSy, n'kutsikira ku Dar es Salaam kapena ku Maputo, n'kuwoloka malire mpaka chifike kukomboni. Webusaiti yopanda cache imayenda ulendo wonsewu nthawi iliyonse munthu akaitsegula, kukatenga chithunzi cha abwana chomwe chija chadzulo. Cache ndi ulesi chabe: ili ngati mayi wodzaza dilamu m'mamawa m'malo mobwerera kumpopi pa kapu iliyonse. Komanso webusaiti yolemera imasunga mwambo. Pamene Zamnet inalumikiza dzikoli ku intaneti mu 1994, anthu ankadikira. Lero kuli 4G, koma masamba anenepa mofanana ndi liwiro la netiweki, kuti adzukulu nawonso alawe kudikira kwa makolo awo. Kawerengedwe ka HTTP Archive kamaonetsa kuti tsamba wamba la pafoni limapitirira 2 MB, zambiri zikhala zithunzi ndi JavaScript. Ndiye kuti bandulo ya 100 MB siingatsegule masamba otere okwana 50. Mtsikana wa pabuthi amagulitsa ina, Airtel, MTN ndi Zamtel amalandira zawo, boma limatapa msonkho, ndipo mu 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, wotchajitsa mafoni nayenso anapeza ya ndiwo pa mabatire othera m'kudikira.

Otsutsa amakumbutsa kafukufuku wa Google wa 2016, woti anthu 53 pa 100 alionse amachoka tsamba likapitirira masekondi atatu lisanatseguke. Amenewa amaona ngati ndi kutaya, pamene ndi kusefa. Wochokayo analibe vuto lenileni. Wotsala ndi mnyamata wofuna ntchito kapena kholo lodzaza fomu ya sukulu tsiku lomaliza, ndipo munthu wotere akhoza kugula bandulo katatu osadandaula kwa aliyense. Ena amati kukonza n'kotchipa: gzip yopanikiza mafayilo ilipo kuyambira 1992, WebP yochepetsa zithunzi inatuluka mu 2010, ndipo Cloudflare, imene imasunga makope a masamba pafupi ndi owerenga, ili ndi makina ake mu Lusaka momwemuno. Zoona, ndipo ngozi yagona pomwepo. Ntchito ya masana amodzi ingachititse kuti wa foni ya itel ku Kabanana atsegule tsamba msanga ngati wa Wi-Fi ku Kabulonga kwa olemera. Nanga kusiyana kwa anthu kudzaonekera pati? Ndipo ndani angalimbe mtima kuuza abwana kuti nkhope yawo yachepetsedwa kuchoka pa 5 MB kufika pa 80 KB, ngakhale maso sangaone kusintha?

Choncho inu opanga mawebusaiti, musatekeseke. Pitirizani kuyesera ntchito yanu pa laputopu ya mu ofesi, musayerekeze kuitsegula pa foni yotchipa madzulo netiweki itadzaza. Ikani vidiyo yodziyamba yokha patsamba loyamba, ndipo cache muizimitse. Bilu yake siilipidwa ndi inu, imalipidwa ku Kabanana.