Kalata ya amfumu sinatsegule akaunti ya achimwene

Achimwene anga anamwalira mabelo awo a fodya ali pamzere ku okushoni ya Chinkhoma. Fodya anagulidwa, ndalama zinalowa mu akaunti yawo, ndipo ife kumudzi kwathu, m'mphepete mwa nkhalango ya Kasungu kunjira ya ku Lifupa, tinangoti zatha bwino. Pa tsiku lometa, akuluakulu anandisankha kuti ndiyendetse za chuma. Wilo panalibe.

Antchito amene anasoka ndi kudinda fodyayo ankafuna malipiro awo kuti abwerere kwawo. Ndinatenga katapila, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti sabata isanathe ndibweza. Ngolo ndi jeke ndinapereka kwa ana a alongo athu monga momwe makolo ankachitira. Alamu anga, mkazi wa malemu, anangoti, "Alamu, mwaganiza bwino?" Ine ndinati ndikudziwa chimene ndikuchita.

Ndinapita kubanki ku Kasungu boma nditanyamula kalata ya amfumu yodinda bwino. Mayi wa pakauntala anaiwerenga mwaulemu n'kundibwezera. "Bambo, ndalama za munthu womwalira sitipereka ndi kalata iyi. Mubwere ndi chiphaso cha imfa komanso chikalata chokupatsani mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye."

Chiphaso cha imfa chimachokera ku National Registration Bureau, ndipo poti achimwene anamwalirira pakhomo, amfumu ndi mboni anayenera kusaina fomu kaye. Ku ofesi ya DC n'kumene ndinamva zimene zinandiumitsa pakamwa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene linalowa m'malo mwa la 1967, limati munthu akamwalira wopanda wilo, oyamba kulandira ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi amene ankadalira malemuyo. Katundu wa m'nyumba amakhalabe ndi mkazi kapena mwamuna wamasiye. Kutenga chuma popanda chilolezo ndi mlandu umene munthu amapita nawo kundende. Ngolo ija ndinali nditalanda ana a achimwene anga, ndi dzanja langali.

Chuma chikakhala chochepa, nkhani imatha pafupi. Chathu, pophatikiza ndalama za fodya ndi ng'ombe, chinafunika khoti lalikulu ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 120 pamsewu wa M1. Kumeneko pamafunika mndandanda wa katundu yense ndi mtengo wake, mayina a olandira, malumbiro, ndi kalata yokhudza msonkho wa chuma cha masiye. Amene sangathe kulipira loya amapita kwa Administrator General, amenenso amadulako gawo lake.

Ndalama zolipira pakhoti sizinali zimene zinatisaukitsa. Zinatidya ndi thiransipoti ya anthu awiri, malo ogona, mafotokope, ndi katapila uja amene ankabereka mwezi ndi mwezi. Zimandiwawa kuti mlimi amaphunzitsidwa magiredi onse a fodya koma palibe womuuza kuti wilo imangofuna pepala, siginecha yake ndi mboni ziwiri.

Khoti linapereka mphamvu kwa alamu anga. Ndalama zinatuluka mvula itagwa kale, nazale osafesa, feteleza osagula, ndipo chaka chimenecho zigafa za achimwene zinakhala zopanda fodya. Ngolo ndinakaitenga n'kuibweza, ngakhale alongo anga mpaka lero sandiyankhula. Katapila ndikubweza ndekha ndi ndalama za soya.