Agogo ndi jumbo la mapepala

Pansi pa mtengo wa mbawa, pafupi ndi chipata cholowera ku maofesi a pa boma, pali kashopu kojambulira mapepala. Lachiwiri lapitali magetsi anazima m'mamawa, ndiye tinangokhala pa benchi kudikira: ine, mayi wogulitsa mandasi, mnyamata wa kabaza, ndi mwini kashopuko, mkulu wa imvi amene anali kalaliki kukhoti asanapume pantchito. Kenaka anafika agogo ena atafumbata jumbo lakuda pachifuwa ngati khanda.

Anamasula mfundo ziwiri n'kuyamba kuyala mapepala pamiyendo. Chiphaso cha imfa. Khadi la kusikelo loderako ndi utsi, m'mphepete mwake mutanyenyeka. Lipoti la kusukulu la Sitandade 4. Kalata ya amfumu yolembedwa pa tsamba long'amba m'kope, chidindo chili m'munsi.

"Mundijambulire zonsezi, bambo. Akuti ndikapemphe ugadiyani kukhoti."

Nkhani yawo inatuluka pang'onopang'ono. Mwana wawo wamkazi anali mphunzitsi, anatisiya chaka chatha, n'kusiya mnyamata wa zaka 9. Bambo wa mnyamatayo anapita ku Joni mwana akadayamwa, ndipo foni yawo inasiya kugwira kalekale. Ndalama za malemuwo zilipo, gawo la mwanayo lilipo, koma osunga ndalamazo akufuna munthu wodziwika ndi lamulo woti aziimira mwanayo.

"Ugadiyani ine ndinauchita kale," anatero agogo. "Miyezi itatu ndikugona pa simenti kuchipatala, ndikuphika phala pa mafuwa kuseri kwa wodi. Mwana wanga anatsirizikira m'manja mwangamu. Mdzukuluyu ndamubereka kumsana kuyambira ali kamwana. Lero akuti ndikapemphe chilolezo?"

Tonse tinakhala chete kaye. Mnyamata wa kabaza ndiye anatsegula pakamwa: "Kodi si zija za Madonna zimenezi?"

"Ayi, mwanawe," anayankha mkulu uja. "Zija za David Banda, mwana amene Madonna anamutenga mu 2006, ndi kutenga mwana kuti akhale wako mpaka kalekale, udindo wa omubereka n'kuthera pomwepo. Izi n'zina. Mwana sasintha dzina, sasintha makolo. Khoti limangonena kuti uyu ndiye amene azimulera, kumusainira ndi kumusungira zake kufikira atakwana zaka 18." Anafotokoza kuti zimenezi zili m'lamulo la 2010 loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo kwa ana, lomwenso linakhazikitsa makhoti a ana, ndipo zaka 18 zija zinalowa m'malamulo aakulu a dziko mu 2017.

Mayi wa mandasi sanakhutire. "Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Mwini mbumba alipo, atsibweni ake alipo, amfumu adinda. Khoti lidziwa chiyani za mbumba ya eni?"

"Mukunena zoona, mayi, koma kwanu," anatero mkulu uja. "Pitani ku Mzimba kapena ku Nsanje, kumene amapereka malowolo, akakuuzani kuti mwana ndi wa kuchimuna. Nanga mabanja awiriwo akakumana pa mwana mmodzi, wa ku banki amvere mwambo uti? Khoti funso lake ndi limodzi: mwanayu apeza bwino ali ndi ndani?"

Apa agogo anatsitsa mawu, moti ndinachita kusendera. Mwezi watha kunabwera abale awiri a bambo wa mwanayo. Pamatenda sanaoneke, pamaliro sanaoneke, ngakhale chipepeso sichinafike. Abwera ndi shuga ndi buledi, akuti mwana wawo akufuna akamuphunzitse kutauni. Asananyamuke anafunsanso ngati ndalama za malemu zinatuluka.

"Usiku umenewo sindinagone," anatero. "Ndinamusamutsa pamphasa pake kuti agone pafupi ndi ine."

Ndivomere kuti mtima wanga poyamba unali kwa mayi wa mandasi uja. Inenso ndinaleredwa ndi azakhali, popanda pepala lililonse, ndipo sindinamvepo kuti ndine mlendo pakhomo pawo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: ndi mmene ana amasiye osawerengeka anakulira m'dziko muno, makamaka zaka zimene Edzi inkapululutsa makolo. Zimawawa kuona munthu amene watha mphamvu zake pa mwana akufunsidwa umboni. Koma pakhomo pa azakhali panalibe ndalama zoti wina azilondole. Pamene pali ndalama za malemu, nyumba kapena malo, achibale amachuluka mwadzidzidzi, ndipo nkhalamba yosadziwa kuwerenga ndiyo imayamba kukankhidwira kumbali. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linanena poyera kuti kulanda chuma chotere ndi mlandu, komabe wolanda wochenjera safunikanso kunyamula mipando usiku. Amangonyamula mwanayo, chuma n'kumutsatira. Pepala la khoti ndilo lingatseke njira imeneyo.

Chinandikhudzanso china chimene mkulu uja ananena mongodutsa. Lamulo limalola kholo kutchula lokha munthu woti adzalere mwana wake, polemba wilu. Mphunzitsi uja anadwala miyezi itatu, akudziwa bwino amene ankamudalira. Koma ndani mwa ife angatengere wodwala cholembera? Timati n'kumuitanira imfa. Lero mayi ake ndi awa akuyenda ndi jumbo padzuwa.

Mkulu uja anawalongosolera njira. Ayambire ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, imene ambiri timangoti kwa a Soshol. Iwo amafika pakhomo, kuona pogona pa mwana, kufunsa anansi, n'kulembera khoti zimene apeza. Popeza mwanayo alibe chiphaso chobadwira, akafunse ku ofesi ya kalembera, komwe tinatengera zitupa za unzika kuja. Ngati pangafunike loya, a Legal Aid Bureau amathandiza osowa ndalama. Kalata ya amfumu asaitaye, ndi umboni. Bambo wa mwanayo, ngati ali moyo, khoti lidzafuna kudziwa za iye, ndipo abale aja ali ndi ufulu wokanena zawo.

"Komanso, agogo, pepala limenelo likumangani ndi inu nomwe. Ndalamazo ndi za mwana. Tsiku lina atha kukufunsani mmene mwaziyendetsera."

Agogo anawayang'anitsitsa. "Ndidye za mwana wamasiye ine? Afunse. Ndikawaonetsa ndi malisiti a yunifolomu omwe."

Nthawi yomweyo magetsi anayaka, makina n'kuyamba kulira. Mkulu uja anagwira khadi la kusikelo ndi manja awiri, kuopa kuti lingang'ambike, n'kuliyala bwinobwino pa galasi.

"Mwati majisitiretiyo atha kumufunsa mwanayo?"

"Atha kutero, agogo. Zaka 9 ndi munthu woti n'kunena zakukhosi."

"M'Chichewa?"

"M'Chichewa chomwechi."

Anagwedeza mutu, n'kubweza mapepala m'jumbo, akale pansi, atsopano pamwamba, n'kumanganso mfundo ziwiri zija. Mnyamata wa kabaza anati awakweze ulere mpaka kwa a Soshol, koma mkulu uja anati ndi kuseri komweku, kongodutsa pa mpanda. Agogo anayang'ana dzuwa. Anati afulumire, chifukwa mwanayo amaweruka masana ndipo kiyi wa nyumba ali nawo iwo, atamumangirira pa nsonga ya chitenje.