Malangizo kwa Womanga Nyumba Yansanjika Wopanda Thumba la Simenti

Ntchito yojambula nyumba pakompyuta, yomwe inali ya akatswiri okhaokha pamene kampani ya Autodesk inkatulutsa pulogalamu ya AutoCAD m'chaka cha 1982, tsopano yafika m'manja mwa aliyense amene ali ndi laputopu ndi madzulo opanda chochita. Pulogalamu ya SketchUp, yomwe inatuluka m'chaka cha 2000 mumzinda wa Boulder ku Colorado, nigulidwa ndi Google mu 2006 kenako ndi Trimble mu 2012, komanso ya Sweet Home 3D, yomwe Emmanuel Puybaret wa ku France anaipereka kwaulere, zabala mtundu watsopano wa mwininyumba, amene m'nkhani ino adzatchedwa mjambuli, kutanthauza munthu amene ali ndi nyumba ya nsanjika zitatu koma puloti akufunafunabe. Mawu akuti nsanjika akuimira gawo la nyumba lomwe lakhala pamwamba pa linzake.

Malangizo onse otsatirawa atsamira pa mfundo imodzi, yakuti mapulogalamu amenewa amadziwa maonekedwe a chinthu koma kulemera kwake alibe nako ntchito, moti mphamvu ija yokokera zinthu pansi, yomwe yasautsa amisiri kuyambira kalekale, pakompyuta siidziwika n'komwe. Alipo mapulogalamu ena a mainjiniya omwe amawerengera katundu amene mzati uliwonse ungasenze, koma mjambuli wofuna mtendere wa mumtima awapewe, chifukwa amabwera ndi uthenga woipa wokhawokha.

Poyamba mjambuli ajambule nyumba yapansi, ndipo pabalaza apakulitse kufikira pofanana ndi holo yaukwati, popanda mzati ngakhale umodzi wotchinga wailesi yakanema. Akatero adine batani lowonjezera nsanjika, kapena ngati ali mu SketchUp akoke makoma ndi chida chotchedwa Push/Pull, chomwe chimatukula chojambula chafulati kukhala khoma pa kamphindi kochepa kuposa kamene mmisiri amatenga kuti apeze chipande chake. Mabuku a zomangamanga amanena kuti khoma lam'mwamba liyenera kukhala pa khoma linzake, pa mzati, kapena pa bimu, womwe ndi mtanda wakonkire wokhala ndi zitsulo mkati umene umanyamula katundu n'kumupereka ku mizati. Mjambuli asadzimange ndi mwambo umenewu. Zipinda zogona zisanu ndi chimodzi zikhoza kuyalidwa pamwamba pa balaza lopanda mzati lija, ndipo pulogalamu siidzatsutsa, koma idzangofunsa mtundu wa penti.

Pakati pa nsanjika ziwiri pamakhala silabu, kutanthauza chiphaphati chakonkire chomwe chili denga kwa okhala pansi komanso pansi kwa okhala pamwamba. Konkire wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse amalemera pafupifupi makilogalamu 2,400, kotero silabu yochindikala masentimita 15 imalemera makilogalamu 360 pa sikweya mita iliyonse, ndipo ya mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi imafika matani 36, omwe ndi kulemera kwa matumba a simenti 720, osawerengera makoma, mabedi ndi alamu obwera kudzacheza kwa miyezi itatu. Pakompyuta matani onsewa ndi nambala imodzi yolembedwa m'kabokosi, ndipo ikapanda kusangalatsa maso ingachepetsedwe kufika pa masentimita 5 kuti nyumba ioneke yamakono. Ubwino wina ngwakuti cholakwa chimafafanizika ndi mabatani awiri, Ctrl ndi Z, pamene konkire weniweni, amene mphamvu yake imayesedwa patatha masiku 28, amafafanizika ndi hamala yaikulu ndi anyamata aganyu anayi.

Masitepe ayenera kujambulidwa pomaliza penipeni, makatani ndi miphika yamaluwa zitaikidwa kale, chifukwa ndiwo okha amene angathe kusokoneza pulani yokongola. François Blondel, katswiri wa ku France amene buku lake la maphunziro a zomangamanga linayamba kutuluka m'chaka cha 1675, anaona kuti kutalika kwa sitepe kuwirikiza kawiri, kuphatikiza kukula kwa popondapo, kuyenera kufanana ndi phazi limodzi la munthu woyenda mwachizolowezi, lomwe masiku ano amati ndi masentimita pafupifupi 63. Potsatira lamuloli, nsanjika yotalikirana ndi inzake mamita 3 imafuna masitepe 17 otalika masentimita pafupifupi 17.6 ndi popondapo pa masentimita 28, zomwe zimadya mamita anayi ndi theka a malo apansi, kuwonjezera pa bowo lomwe liyenera kusiyidwa pa silabu kuti mutu wa wokwera upeze podutsa. Malamulo a zomanga ku England amafuna mpata wa mamita awiri pamwamba pa masitepe pachifukwa chomwechi. Popeza mjambuli malo otere sadzakhala nawo, asankhe masitepe ozungulira ngati nkhono, awapanikize pakati pa fuliji ndi chitseko cha kukhitchini, ndipo asadzivute kufunsa m'mene bedi lalikulu, kabati ya zovala ndi agogo a nyamakazi adzafikire kumwamba. Pakompyuta bedi silikwera masitepe. Limakokedwa ndi mausi kuchokera m'nkhokwe ya zithunzi za mipando, monga 3D Warehouse, n'kudutsa pakhoma popanda kupempha odi. Munthu yekhayo woyenera kufunsidwa maganizo ndi kachithunzi kamunthu kamene SketchUp imaimika pachiyambi pa chojambula chatsopano kuti kasonyeze msinkhu wa zinthu, popeza kameneka kalibe mawondo, sikabereka mwana kumsana, ndipo sikanadandaulepo za pulani ya munthu aliyense.

Za chimbudzi cham'mwamba mpofunika mawu ochepa chabe. Amisiri a mapaipi amakonda kuti mabafa ndi zimbudzi zisanjikizane, china pamwamba pa chinzake, kuti paipi yotaya zonyansa itsike mowongoka pamalo amodzi, koma mjambuli aike chimbudzi chake pamene pali zenera loona bwino kulowa kwa dzuwa, ngakhale pansi pake patakhala tebulo lodyera. Ndipo popeza madzi amafuna mphamvu yokwana bala imodzi, muyeso wa kukankha kwa madzi m'paipi, kuti akwere mamita 10 aliwonse, ndi bwino kuika thanki la malita 5,000 padenga, lomwe likadzaza limawonjezera matani asanu pamwamba pa balaza lija.

Nthaka ya m'pulogalamu ndi yabwino kuposa nthaka ina iliyonse yodziwika kwa akatswiri, chifukwa ndi yosalala, yolembedwa mizere, ndiponso yofanana kaya nyumbayo idzamangidwa pathanthwe kapena m'dambo la makande lomwe limatupa ndi mvula n'kung'aluka m'chilimwe. Wina akafunsa za maziko, mjambuli amukumbutse za nsanja ya ku Pisa ku Italy, yomwe inayamba kumangidwa mu 1173 pa maziko akuya mamita atatu okha m'nthaka yofewa, niyamba kupendekeka amisiri asanafike n'komwe pakati pa ntchitoyo, koma lero anthu amalipira ndalama kuti akaikwere. Asatchule zakuti nsanjayo inatsekedwa kuyambira 1990 mpaka 2001 pamene mainjiniya ankachotsa dothi pansi pa mbali imodzi kuti aiwongoleko pang'ono, chifukwa mbiri ikachuluka imasokoneza omvera.

Chovuta chachikulu chimabwera pamene achibale, ataonetsedwa nyumbayo pafoni pa chinkhoswe chilichonse kwa zaka zingapo, ayamba kufunsa tsiku lokumba maziko. Apa pulani imayenera kupita kukhonsolo kuti ikavomerezedwe, ndipo kumeneko nyumba yansanjika imafunsidwa zojambula za injiniya zosonyeza kukula kwa mizati, kuchuluka kwa zitsulo ndi kuya kwa maziko, zinthu zomwe chithunzi cha khonde lokhala ndi mipando iwiri ndi kapu ya juwisi sichingayankhe. Mjambuli amene wakakamizika kufika pamenepa amange nsanjika yapansi yokha, asiye zitsulo zitatuluka pamwamba pa makoma ngati umboni wakuti ntchito ikupitirira, ndipo azifotokozera odutsa kuti dzimbiri lomwe likuoneka ndi gawo la dongosolo. Nsanjika zotsalazo apitirize kuzisamalira m'kompyuta, momwe angawonjezere yachinayi ndi dziwe losambiramo padenga pake, bola fayiloyo aisunge pa fulashi ziwiri zosiyana, imodzi mwa izo kunyumba yalendi kumene akukhala.